Nanga Mulunguyo anamulenga ndani?

Dzulo usiku magetsi atathima tinakhala pakhonde, kamwana ka achemwali anga ka zaka 7 basi mwadzidzidzi, "Amalume, Mulungu analenga zonse eti? Nanga iyeyo anamulenga ndani?" Agogo ake anakakalipira kuti zimenezo safunsa, ine ndinangoseka koma kunena zoona thukuta linandituluka pang'ono.

Ndiye ndinakauza za kupala moto. Kumudzi kale machesi anali osowa, m'mawa amakutuma ndi phale kukapala moto kwa aneba, iwonso anapala kwa ena, enawo kwa enanso. Koma ngati khomo lililonse linangopala kwa linzake popanda amene anauyatsa, ndiye kuti mudzi wonse nsima sakanadya. Payenera kukhala khomo limodzi lomwe motowo sunachite kupalidwa.

Nzeru zimenezi si zanga ayi. Thomas Aquinas, wansembe wa ku Italy amene anamwalira mu 1274, analemba njira 5 zosonyeza kuti Mulungu alipo ndipo zambiri anatapa kwa Aristotle, wanzeru wakalekale wa ku Greece. Koma apa mpamene ambiri timaphonya, inenso ndinaphonya kwa zaka. Aquinas sankakamba za kalekale. Iye ankati nzeru za munthu pazokha sizingatsimikize kuti dziko linali ndi tsiku loyamba, zimenezo timangozilandira mwa chikhulupiriro. Chitsanzo chake chinali cha dzanja, ndodo ndi mwala, mwala ukusuntha chifukwa ndodo ikuukankha, ndodo ikukankha chifukwa dzanja laigwira, dzanja likangoleka zonse zaima pomwepo. Ndiye akamati Mulungu ndi woyamba sakutanthauza ngati munthu amene wafika m'mamawa n'kukhala kutsogolo pa layini ya kuchigayo ayi, pa layinipo sali pomwe, ndi iye akugwirizira zonse panopa ndikulemba pano. Moto wanga uja ndiye ukuperewera, chifukwa woyatsa akhoza kumwalira moto n'kumayakabe.

Augustine, bishopu wa ku Hippo komwe pano ndi Algeria, nayenso anakumana ndi funso lofanana, loti Mulungu ankatani asanalenge kumwamba ndi dziko. Panali nthabwala yoti ankakonza gehena ya anthu ofunsitsa zinthu zakuya, koma iye anakana kuyankha motero, ndipo pamenepo ndimamupatsa ulemu kwabasi chifukwa kuopseza mwana wofunsa ndi ulesi chabe (agogo andikhululukire). Yankho lake linali loti nthawi nayonso ndi cholengedwa, ndiye mawu oti "asanalenge" alibe pogwira.

Zonsezi sindinakauze kamwana kaja, ndinathera pa moto basi. Kanakhala chete kaye kenako, "Ndiye Mulungu ali ndi machesi?" Ndisanayankhe magetsi anayaka, kanathamangira ku TV.