Mmene ndinasankhira maapozi oitanira agwape ku Minnesota

Apongozi anga ali ndi kamalo kumpoto kwa Minnesota, cha ku Bemidji uko, ndipo Novembala akangolowa amakasaka agwape, awa a mchira woyera aja. Kuwathirira chimanga kuti abwere ndi mlandu kuno, koma kudzala mtengo wa maapozi nkuusiya uziyoyola wokha palibe angakugwire. Ntchitoyo anandipatsa ine, poti ndinkadzichemerera kuti kwathu ndinkamezanitsa mango.

Chaka choyamba ndinalakwitsa heve. Ndinangolowa mushopu ina yayikulu mtauni, kuona chithunzi cha apozi wofiira psuu pa lebulo, basi ndagula mitengo 5. Pofika Epulo itatu inali nkhuni, iwiri inayo mbewa zinali zitadya khungwa kuzungulira tsinde lonse pansi pa sinowo, ndinkapala ndi chikhadabo kufuna kuona kobiriwira koma ayi ndithu, gwaa.

Ndipamene ndinaphunzira za mazoni a USDA, mmene unduna wa zaulimi ku America unagawira madera potengera kuzizira kwake. Dera lathuli ndi zoni 3, kumene kuzizira kumatha kufika madigiri -40, ndiye mtengo wolembedwa zoni 5 osaugwira nkomwe ngakhale utchipe bwanji. Koma chimene ambiri sitifunsa ndi chapansi, mizu imene anamezapo mtengowo. Yanga ija inali pa mizu yofupikitsa mtengo, yabwino kuseri kwa nyumba koma kutchire gwape amangoimirira nkumaliza nsonga zonse. Pano ndimafunsa kaye kunazale, ndi Antonovka kapena B118? Yonse ndi yochokera ku Russia, mtengo umakula wamtali, mizu imazama, kungoti Antonovka amachedwa kubereka, muyenera kupirira zaka zingapo. Mukayang'ana tsinde chapansi muona kachotupa pomwe anamezapo, ngati pa mango pomwe.

Kukoma kwa chipatso ndinasiya kuganizira, gwape sasankha. Nkhani ndi yoti chimagwa liti. Dolgo, timaapozi ting'onoting'ono towawasa, amayamba kugwa kumapeto kwa Ogasiti, Chestnut amene University of Minnesota inatulutsa mu 1949 amatsatira mu Seputembala, kenako Haralson wa 1922 amapsa cha mu Okutobala ndipo amakangamira pamtengo. Kusakaniza mitundu kumathandizanso kuti njuchi zigwire ntchito, mtengo wokhawokha subereka bwino.

Umene ndimaunyadira koma ulibe dzina. Tinaupeza pabwinja la famu yakale, Novembala ali mkati uli ndi zipatso zachikasu mmwamba, pansi mapazi a agwape okhaokha, ndowe paliponse. Ndinayesa kufananiza ndi zithunzi pa intaneti usiku wonse osaphula kanthu, ndipo mwina unangomera kuchokera ku njere, paja njere ya apozi siyibereka chofanana ndi mayi wake. Ndinapempha kwa eni malo, kumangapo kansalu, mu Malichi ndinakadula tinthambi tonenepa ngati pensulo, kusunga mufiriji mpaka nthawi yomeza pa Antonovka.

Mtengo uliwonse pano uli mu khola la waya lotalika mita imodzi ndi theka, tsinde ndakulunga ndi sefa wa pawindo chifukwa cha mbewa zija. Pa 6 yomwe ndinameza yagwira 4. Apongozi akumangofunsa ngati adzadye nyama yake asanayambe kuyendera ndodo.