Azakhali anati laputopu yalowa kachilombo

Azakhali anga a ku Zomba akaimba foni Loweruka m'mamawa, ndimadziwiratu kuti nkhani ndi ziwiri: maliro kapena kompyuta. Ulendo uno inali kompyuta.

"Iwe, makina anga aja alowa kachilombo. Komanso pali munthu akundisuzumira."

"Akukusuzumirani bwanji, azakhali?"

"Bandulo ndikugula madzulo, kukacha kulibe. Pa sikirini pakumatuluka zolemba zofiira, ati ndili ndi mavairasi asanu. Ukayatsa, umatha kukatereka madzi a tiyi mpaka kuwira iyo isanadzuke. Ubwere lero."

Azakhaliwa anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, koma kupuma kwake ndi dzina chabe. Ndi msungichuma wa banki mkhonde ya amayi a m'dera lawo, ndipo zonse, kaya wakuti anaponya masheya angati, wakuti anakongola zingati, chiwongoladzanja chafika pati, zili mu fayilo imodzi ya Excel. Unali mwezi wa Okutobala, kugawana kuli mu Disembala. Fayilo imeneyo ikanasowa, azakhali sakanayendanso mumsewu. Ndinakwera minibasi ku Limbe nditanyamula fulashi yopanda kanthu ndi kasikuludiraiva.

Ndisanafike n'kuti atapita nayo kale kwa mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni. Ati sanaiyatse n'komwe. Anangoti, "Amayi, apa mankhwala ake ndi kufomata basi." Azakhali atafunsa za mafayilo awo, iye anati tiona. Mawu akuti "tiona" ndi amene anawachititsa kuibweza m'chikwama.

Mnyamatayo sindikumuda. Kufomata, kumene ndi kufufuta zonse za m'kompyuta n'kuikanso Windows, n'kwachangu, ndipo kasitomala amachoka akumwetulira tsiku limenelo. Koma chizolowezi chathu ndi chomwecho: thupi likangotentha timati malungo, n'kuyamba kufunafuna LA tisanayezetse magazi. Kompyuta nayo ikangochedwa timati vairasi. Nthawi zina zimakhaladi zoona. Kwa azakhali zinali zoona, koma theka lokha.

Laputopuyo ndi ya kaunjika, RAM ya 4GB, hard disk ya 500GB, Windows 10. Nditaiyatsa ndinayang'ana wotchi. Inatenga mphindi zisanu ndi ziwiri kuti ndithe kudina chinthu n'kuyankha. Choyamba ndinathimitsa Wi-Fi, kuti ngati kulidi wina akutumiziridwa zinthu kunjako, njira itsekeke. Kenako ndinalowetsa fulashi yanga ija n'kukoperamo foda ya banki mkhonde ndi ya zithunzi za adzukulu. Musanayambe kukonza china chilichonse, pulumutsani kaye zimene simungazigulenso.

Apa ndi pamene kachilombo kanadziulula kokha. Nditatsegulanso fulashiyo patapita kanthawi, mafoda anga anali atasintha nkhope. Mayina omwewo, koma pakona pa iliyonse pali kamuvi kakang'ono. Asanduka ma shortcut. Amene munapitapo ndi fulashi kokasindikizitsa CV kapena pulogalamu ya ukwati mukuidziwa nthenda imeneyi. Kachilomboka sikafufuta mafayilo anu ayi. Kamawabisa, n'kuika m'malo mwake ma shortcut onamizira. Mukadina, foda yanu imatsegukadi, koma kuseri mwayambitsanso kachilomboko, ndipo kamakhazikika mu kompyuta kudikira fulashi ina. Kale mavairasi a m'mafulashi ankadziyambitsa okha mukangolowetsa, koma kuyambira pa Windows 7 mu 2009 khomo limenelo linatsekedwa. Ndiye opanga mavairasi anapeza nzeru yoti mwini wake adine yekha ndi chala chake.

Ndinafunsa azakhali kuti fulashi yawo imayenda kuti. Anawerenga ndi zala: kosindikiza mapepala pafupi ndi msika, ku ofesi ya kutchalitchi, kwa mlembi wa gulu, ndiponso mdzukulu wawo wa Folomu 3 amaibwereka akafuna nyimbo. Sindinafunsenso zambiri.

Ndinadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager atseguke. Umu ndi m'mene mumaona chimene chikudya mphamvu za makina. CPU, purosesa imene ndi ubongo wa makina, sinali pamwamba kwenikweni. RAM, malo amene kompyuta imaikapo zimene ikugwira panthawiyo, inali itatsala pang'ono kudzaza. Koma pa Disk panalembedwa 100% osatsika, ngakhale sindinatsegule kanthu. Ndinaziona, koma maso anga anali atakopeka ndi china: wscript.exe inkayenda, ndipo pa Startup, mndandanda wa zimene zimayamba zokha kompyuta ikayaka, panali chinthu cha dzina la zilembo zosokonekera, chopanda dzina la wochipanga. Wscript payokha si vairasi, ndi chipangizo cha Windows yomwe choyendetsera timapulogalamu tating'ono. Koma mphunzitsi wopuma amene amangolemba ma Excel alibe chifukwa choti izikhala ikuyenda usana ndi usiku. Ndinaiyimitsa, n'kuletsanso cha pa Startup chija.

Chimene chinandiseketsa ndi chakuti m'makinamo munali ma antivirus atatu. Ina inabwera ndi laputopu, ina anaika mdzukulu, ina anaika wa kutchalitchi pofuna kuthandiza. Iwiri mwa iyo inali yobedwa, yosalandira zatsopano kuyambira kalekale. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu? Iliyonse imafuna kununkhiza fayilo iliyonse imene mwatsegula, ndiye fayilo imodzi imasechedwa katatu, disiki n'kumalira, kachilombo kali phee pakati pawo. Choipa china n'chakuti Microsoft Defender, imene imabwera kale mu Windows 10 popanda kulipira, imadzipatula ikaona kuti mwaika antivirus ina. Ndinachotsa onse atatu. Azakhali anagwira pakamwa.

"Wachotsa alonda onse?"

"Anali alonda ogona, azakhali. Weniweni anali atamutsekera kunja."

Ndinalumikiza intaneti ya pafoni yanga kuti Defender ilandire zatsopano, kenako ndinasankha Microsoft Defender Offline scan, imene ili pansi pa Scan options mu Windows Security. Ubwino wake ndi wakuti kompyuta imathima n'kuyakanso, kusecha kumachitika Windows isanadzuke, ndiye kachilombo sikakhala ndi mpata wobisala kapena kudziteteza. Pa makina abwinobwino zimatenga mphindi ngati 15. Pa awa tinadya nsima ya chambo, kutsuka mbale, ikadali pakati. Inapeza kachilomboko n'kukachotsa. Ndinaonjezera AdwCleaner, kapulogalamu kaulere ka Malwarebytes, ndipo kanakolola zinyalala zina zotsatsa malonda zimene zinakakamira mu Chrome.

Mafulashi onse awiri ndinawasecha, kenako mu Command Prompt ndinalemba kuti attrib -h -r -s /s /d E:\*.* pomwe E ndi chilembo cha fulashiyo. Lamuloli limachotsa chophimba chimene kachilombo kanaveka mafayilo. Mafoda enieni anatulukira, ndinafufuta ma shortcut onse. Mu fulashi ya azakhali munatuluka ngakhale zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo zimene ankati zinatayika chaka chatha.

Nanga zolemba zofiira zija za mavairasi asanu? Imeneyo sinali vairasi, komanso sinali antivirus. Mdzukulu uja, posaka malo oonera mpira waulere pa intaneti, anadina Allow pa tsamba lina limene linapempha kuti lizitumiza mauthenga. Kuyambira tsiku limenelo tsambalo linkaponya zoopseza pakona ya sikirini, zooneka ngati zachokera mu Windows, n'cholinga choti munthu adine n'kugula kapena kudaunilodi zinthu zachabe. Mu Chrome, pa Settings, Privacy and security, Site settings, Notifications, ndinapeza masamba asanu ndi limodzi achilendo ololedwa. Ndinawachotsa ndipo zofiirazo zinathera pomwepo.

Wakuba bandulo naye anapezeka, ndipo sanali kazitape. Pa Data usage, Windows imaonetsa pulogalamu iliyonse ndi data imene yadya m'masiku 30 apitawa. Pamwamba panali System ndi zokhudza ma update. Kompyuta ikalumikizidwa ku hotspot ya foni, iyo imangoona Wi-Fi, siidziwa kuti ndi bandulo ya 1GB yogulidwa ndi ndalama ya penshoni. Imakoka zimene ikufuna. Mukatsegula Set as metered connection pa netiweki imeneyo, mwaiuza kuti madzi ano ndi ogula pa kiyosiki, isambe mosamala.

Pofika cha m'ma 4 koloko ndinali nditadzitama kale mumtima. Ndinaithimitsa, n'kuiyatsanso, azakhali ataima kumbuyo kwanga. Mphindi zisanu. Kuchoka pa zisanu ndi ziwiri kufika pa zisanu, tsiku lonse lathunthu! Pa Task Manager, Disk ikadali 100%.

"Ndiye kachilombo kakadalimo," anatero azakhali.

Ndinati ayi, koma mawu anga sanamveke olimba. Ndinagunditsa khutu pa laputopu. Pansi pa phokoso la fani pankamveka kakuti tche, tche, tche, kenako zii, kenako tche. Ndinaika CrystalDiskInfo, pulogalamu yaulere imene imawerenga zimene disiki imalemba yokha zokhudza thanzi lake. Disiki yabwino imaonetsa Good m'bokosi la buluu. Ya azakhali inaonetsa Caution m'bokosi lachikasu, ndipo timadontho tachikasu tinali pa Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count. Kunena mwachidule, malo ena a disikiyo anali ataola. Kompyuta ikafuna kuwerenga pamalo otero imayesa, kulephera, kuyesanso, ndipo nthawi yonseyo china chilichonse chimaima pamzere.

Hard disk ya m'malaputopu akale ndi mbale yozungulira ka 5400 pa mphindi, ndi kasingano koyandama pamwamba pake. Siikonda kugwedezeka, siikonda kuthimitsidwa mwadzidzidzi. Batire ya laputopu ya azakhali inafa kalekale, ndiye magetsi akathima nayo imathima pomwepo, ili pakati polemba. Muwerenge nokha kuti zimenezi zachitika kangati pa zaka zitatu. Onjezerani maulendo a pa kabaza kupita ku msonkhano wa gulu.

Apa ndi pamene ndinathokoza mumtima kuti azakhali anakana zofomata. Kachilombo kakanafadi, zimenezo ndivomere. Koma Windows yatsopano ikanakhala pa disiki yomweyo yoola, kwa sabata ziwiri ikanaoneka ngati yachira, fulashi yodwala ija ikanabwezeretsa kachilombo tsiku loyamba lomwe, ndipo tsiku lina m'mawa disiki ikanangokana kudzuka, mwina sabata yogawana ndalama.

Nditatsegula kunsi kuti ndione disikiyo, ndinapezanso fani itavala bulangeti la fumbi ndi ubweya. Azakhali amakonda kugwira ntchito pabedi, laputopu ili pa pilo, mabowo a mpweya atatsekeka. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro kuti isapse, ndipo ndi dzuwa la Okutobala sizifuna zambiri. Mswachi wakale unagwira ntchito.

Fayilo ya banki mkhonde ndinaitumiza ku imelo yawo usiku womwewo, ina n'kusunga pa fulashi yoyera. Ngakhale sitinapeze pulogalamu yaukazitape, tinasinthabe pasiwedi ya Gmail ndi ya Facebook, ndipo tinachitira pafoni, osati pa laputopu. Tinatsegulanso chitetezo chachiwiri chija chofuna nambala yobwera pafoni. Pasiwedi yawo yakale inali dzina la mudzi wa kwathu ndi chaka chimene anabadwa. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana kumbali.

Loweruka lotsatira ndinabwerera ndi disiki yatsopano ya mtundu wa SSD ya 256GB yogula ku Blantyre. Mtengo wake sinditchula, chifukwa pofika pamene mukuwerenga izi ukhala utasintha. SSD ilibe chozungulira, ilibe singano, siiopa mabampu a kabaza. Ndinaika Windows yatsopano, kubwezeretsa mafayilo, ndipo inayaka isanathe mphindi imodzi. RAM ikadali 4GB yomweyo, ndiye mukatsegula masamba khumi mu Chrome imayamba kupuma movutikira, koma pa Excel ndi makalata a kutchalitchi ikukwana. Chimene chikundidetsabe nkhawa ndi chakuti Microsoft inasiya kupereka zigamba za chitetezo za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa chaka choonjezera, ndipo makina a azakhali ndi akale kwambiri moti Windows 11 siwalandira. Nkhani imeneyo tinagwirizana kuti tikambirana akagawana ndalama.

Pochoka ndinawasiyira malamulo awiri okha, podziwa kuti atatu saasunga. Chosindikiza achisandutse PDF n'kutumiza pa WhatsApp kwa wosindikizayo, fulashi isapitenso kumsika. Ndipo mdzukulu akafuna mpira, akaonere kubwalo la kanema ngati anzake.

Patadutsa masabata atatu foni inalira, Loweruka m'mamawa.

"Iwe, mlembi wa gulu wabwera ndi fulashi yake. Nditangolowetsa, pakona patuluka uthenga wa Windows Security, ati yapeza choopsa."

"Mwadina chilichonse m'fulashimo?"

"Ayi. Mafoda ake onse ali ndi timivi tija."

"Izuleni, azakhali."

"Ndazula kale. Koma akuti laputopu yake nayo ikuchedwa, ndiye ndamuuza kuti ubwera Loweruka."