Ndinatsanzika Ndisanaitanidwe

Kwa zaka zambiri ndinkakonzekera mawu amene ndidzanene pa tsiku langa lomaliza, chifukwa ndinkasirira Yakobo, amene anaitana ana ake aamuna 12 n'kuuza aliyense za tsogolo lake asanatsirizike. Ndinkafuna mawu olemera, oti abusa adzawabwereze pamaliro anga anthu n'kumagwedeza mitu.

Mpata woyankhula mawuwo anandipatsa ndi kalongonda. Aliyense amene anakulira pakati pa Alomwe kuno ku Mulanje amadziwa kuti nyemba imeneyi siifuna munthu waphuma, pakuti imaphikidwa pafupifupi tsiku lonse ndipo madzi ake akuda amatayidwa kangapo, apo ayi imazunguza mutu ndi kusanzitsa. Tsikulo mayi a kunyumba anasiya mphika pamoto n'kupita kuchigayo ku Chitakale, ndipo ine, pobwera kothyola tiyi nditanyowa ndi chiperoni, ndinapakula mbale yodzaza n'kuthiramo mchere ndekha.

Dzuwa lisanalowe ndinaona phiri lonse, pamodzi ndi nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002, likuvina tchopa. Miyendo inakana kundinyamula, ndipo nditagona pamphasa ndinatsimikiza kuti nthawi yanga yakwana, choncho ndinalamula kuti mudzi wonse usonkhane. Popeza ndine mkamwini, amene anadzaza m'nyumbamo anali akuchikazi okhaokha, kupatula mwana wa mlongo wanga amene anabwera kudzacheza.

Mawu olemera aja anathawa onse, m'malo mwake munabwera chilungamo chimene palibe anachipempha. Ndinauza alamu kuti ngongole ya K80,000 ija ndawakhululukira. Ndinapereka njinga yanga kwa mwana wa mlongo wanga uja. Ndinaulula kwa mayi a kunyumba kuti pansi pa nthochi ya kuseri kwa bafa pali chitini cha ndalama chimene ndinakhala ndikuwabisira. Kenaka ndinatembenukira kwa apongozi, amene mwamwambo sindiwayang'ana n'kumaso komwe, ndipo ndinati: "Amayi, mbuzi yanu ija sanagwire ndi fisi ayi, ndinakaigulitsa ndine kumsika wa Limbuli."

Maliro amene anali atayamba kumveka pakhonde anaima kaye. Mayi a kunyumba anawerama n'kundifunsa kuti, "Abambo, pali chinanso?" Apa m'pamene ndinasonkhanitsa mphamvu zonse kuti ndisiye mawu a mbiri, koma chimene chinatuluka chinali chakuti: "Muzimitse wailesi, mabatire angathe."

Anandikweza pa njinga yamoto ya kabaza, alamu atandigwirira kumbuyo mwachikondi chimene sanandionetsepo n'kale lonse, ndipo kuchipatala anandiika madzi m'thupi. M'mawa mwake ndinapempha phala, masana ananditulutsa.

Nditafika kunyumba ndinapeza dzenje pansi pa nthochi, ndipo mayi a kunyumba anali atatumiza kale munthu kukafunsa mtengo wa malata. Alamu, amene sadziwika n'komwe kutchalitchi, anandilalikira kuti mawu a munthu wakufa sabwezedwa. Nditawakumbutsa kuti sindinafe, anayankha kuti limenelo ndi vuto langa. Apongozi anakatula nkhani kwa amfumu, kumene ndinagamulidwa kubweza mbuzi ziwiri, poti ija inali ndi bere.

Njinga ndimaibwerekabe Loweruka lililonse kwa mwini wake watsopano, amene amandichenjeza kuti ndiziyenda nayo mosamala chifukwa ndi ya malemu amalume ake.