Maluwa a madamu

Inu amene mumapalasa mabwato pa Shire tsiku ndi tsiku ulemu wanu, ine ndinayesako ndipo mpaka pano kwa apongozi dzina langa likatchulidwa anthu amayamba atsokomola kaye.

Tinapita kwawo kwa madamu cha ku Liwonde uko, ndiye alamu anga amene ndi asodzi akuti tiyeni alamu mukaoneko madzi. Ine mwana wa mu Ndirande, mtsinje umene ndimaudziwa ndi Nasolo basi. Anandipatsa nkhafi, ndikapalasa kumanja bwato likuzungulira, ndikapalasa kumanzere likuzungulirabe, ana kumtunda akungogubuduka ndi phwete.

Kenaka tinafika pena pake pobiriwira bwino, pa fulati ngati bwalo la mpira, maluwa a pepo ali mbwee. Namasupuni ameneyo. Ine ndinkangomumvera pa wailesi magetsi akathima, akuti zinyalala zatseka makina ku Nkula ndi ku Tedzani, sindimadziwa kuti chigawengacho nchokongola chonchi. Mtima unangoti awa ndi a madamu awa. Alamu akuti "Alamu khalani pansi, bwato sayimiriramo," koma ine mwendo unali utatuluka kale, ndimaona ngati pansi pake pali nthaka.

Khuvu!

Abale, pansi pa zinthu zija palibe kanthu, ndi madzi okhaokha ndi mizu yaitali yakuda yaubweyaubweya. Mizu ija itangondikulunga mwendo ndinakuwa "ng'onaaa! ndafa ine!" mpaka asodzi ena patali anayamba kupalasa mothawa. Alamu anandikoka ndi lamba wa buluku kundiponya m'bwato, nsapato imodzi inatsala komweko, kumutu ndavala namasupuni.

Titafika kumtunda alamu sanathamangire zondipepesa ayi, anayamba ndi bwato lawo. Kutola kachidutswa kalikonse, kukutumula ukonde, kupukuta nkhafi, zonse nkukataya pouma patali ndi madzi kuti zipse ndi dzuwa, chifukwa akuti mawa lake amakavuula nsomba kwina ndiye sangapite nazo. Akuti kamphukira kamodzi nkokwanira, pakangotha masabata awiri kachulukana kawiri, ndipo njere zake zimatha kugona m'matope zaka 20 nkudzamerabe. Anandilozera cha ku baraji ija ya pa Liwonde, chotchinga madzi chomangidwa mu 1965, kuti paja anachita kutchinga mtsinje ndi zoyandama nkumavuula zinyalalazi ndi makina zisanatsikire kumagetsi. Nkhani yake inandibaya apa: chomerachi kwawo ndi ku South America, ku Amazon, ndipo amene anachimwaza padziko ndi anthu okonda maluwa. Ine ndikungoti eeh zoona alamu, anthu ena ngosaganiza, chonsecho mu jumbo yanga muli mitu iwiri ndabisa.

Madamu sanasekerere nkomwe. "Bambo a mwana, ine wobadwira konkuno mukundipatsa namasupuni? Mawa mudzandipatsa chisoso?" Manyazi anandigwira, ndiye kutada ndinazemba nkukaziponya kuseri, mu damu la nsomba la apongozi aamuna. Ndimati bola zikhale pamadzi zisafote, ndine munthu wachifundo paja.

Tinabwerera ku Blantyre, nkhani ndinaiwala. Patapita miyezi ingapo foni ikulira, nambala ya apongozi, anthu oti chikwatirireni sanandiimbirepo. Mau anali awiri okha: "Akamwini, mubwere."

Ndinapeza damu lonse lili biriwiri, madzi osaoneka ngakhale pang'ono. Makumba amene anatsala akuyasama m'mphepete mamawa kusaka mpweya, ena atayandama chagada, udzudzu ndiye osanena. Choipa kwambiri, apongozi anali atakasuma kale kwa amfumu kuti aneba awo awachita chipongwe chifukwa cha mkangano wa malire, anthu osalankhulana mwezi wathunthu. Mlandu uli mkati kamlamu kanga kakang'ono, ka sitandade 2, nkungoimika mkono kuti iko kanaona alamu a ku tauni akuponya maluwa usiku. Kamwana kameneka ndinkakagulira ma bisiketi ine.

Nkhuku yopepesera aneba ndinagula ndine. Kenaka anandipatsa wilibala ndi kabudula wa alamu, kulowa m'damu mpaka m'chiuno kuvuula ndi manja, ndipo chinthu chija chikakhala pamadzi chimaoneka chopepuka koma ndi madzi okhaokha, wilibala imodzi msana umachita kulira. Apongozi akhala pampando pansi pa mango akuloza ndi ndodo, "apo mwasiya kena." Mulu wonse kukaunjika kumtunda kuti uume adzapangire manyowa, ndipo anandiuziratu kuti zikadzameranso nambala yanga ali nayo.

Dzuwa litafika paliwombo ndinayesa nzeru za kusukulu. Ndati bambo, paja m'zaka za m'ma 1990 anabweretsa tizirombo tina tangati anankafumbwe nkutitulutsa mu Shire kuti tizidya namasupuni, bwanji tikafunse kwa alangizi a zansomba atigawireko?

Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkutembenukira kwa alamu.

"Auzeni akamwiniwo kuti nankafumbwe wake ndi iwowo. Apitirize."