Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Zala Zitatu pa Kapu ya Tiyi

M'gawo lapitali ndinalekezera pa tsiku limene ndinafika mumzinda wa Xiamen, m'chigawo cha Fujian, kukachita maphunziro. Dziko la China limene ndinapita nalo m'mutu ndinalitola ku Ndirande, m'kanyumba koonetsera vidiyo mmene tinkathithikana pa mabenchi Loweruka masana. Nkhani imene inatilowa kwambiri m'mafilimu a karate inali ya asilikali a mfumu amene anawotcha kachisi wa Shaolin, amonke asanu n'kupulumuka, ndipo asanuwo n'kuyambitsa gulu lachinsinsi loti ligwetse ufumu wa Qing ndi kubwezeretsa wa Ming. Ine ndinakula ndikukhulupirira kuti zimenezi zinachitikadi.

Tsiku lina mphunzitsi wathu wa mbiri yakale, bambo wachikulire wochokera ku Zhangzhou, m'chigawo chomwecho cha Fujian, anatiitanira tiyi kunyumba kwawo, ndipo ndinalimba mtima kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi amonke asanu aja anathawira kuti?" Iwo anayamba athira tiyi m'timakapu ting'onoting'ono, kenaka ananyamula kamodzi ndi zala zitatu n'kundiuza kuti ndiyang'anitsitse dzanjalo, chifukwa umu ndi mmene anthu a gululo ankazindikirana ndi mlendo pa malo omwera tiyi popanda kulankhula.

Anandifotokozera kuti gululo linalipodi, dzina lake Tiandihui, kutanthauza Gulu la Kumwamba ndi Dziko Lapansi, koma nkhani ya amonke asanu ndi nthano imene eni ake ankasimbirana polandira anthu atsopano. Zolemba za boma la Qing zimasonyeza kuti linayamba cha m'ma 1761 kwawo komweko ku Zhangzhou, patapita zaka zoposa 100 chigwereni ufumu wa Ming mu 1644. Olowamo anali anyamata osowa minda, onyamula katundu ndi ochita malonda oyendayenda, anthu amene njala inawachotsa pakati pa abale awo. Boma linalidziwa bwino gululi chifukwa cha kuukira kwa Lin Shuangwen, mmodzi wa atsogoleri ake, pa chilumba cha Taiwan, kumene kunathetsedwa mu 1788, ndipo ogwidwa atafunsidwa chimene analowera, yankho lomveka kawirikawiri linali lakuti ankafuna owasonkhera ndalama pa maliro ndi pa ukwati, ndiponso owaimira kumbuyo akakumana ndi achifwamba panjira. Mwambo wake unali woopsa ndithu: munthu ankadutsa pansi pa malupanga, ankamwa mowa wosakaniza ndi magazi, ndipo ankalumbira kuti sadzaulula chinsinsi ngakhale kwa makolo ake.

Kachisi wa Shaolin ali kutali kumpoto, m'chigawo cha Henan, ndipo moto waukulu umene unamusakaza ndi wa mu 1928, woyatsidwa ndi asilikali a mkulu wankhondo wotchedwa Shi Yousan, ufumu wa Qing utatha kale mu 1912. Aphunzitsiwo sanabisenso zoipa za magulu achinsinsi ngati limeneli, pakuti ambiri anasanduka ogulitsa mankhwala ozunguza bongo ndi olanda ndalama za amalonda, moti boma la atsamunda ku Hong Kong linakhazikitsa lamulo lowaletsa mu 1845.

Ndinatuluka m'nyumbamo mtima uli wolemera, ngati munthu amene walandidwa chuma cha ubwana wake. Koma ndili m'basi yobwerera kusukulu, ndinakumbukira agogo anga aamuna, amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera mwa Wenela, ndipo ankasimba kuti amuna a kumudzi umodzi ankasonkherana kangachepe mwezi ndi mwezi kuti mnzawo akafera kuchilendo asaikidwe ngati nyama. Pamenepo ndinamvetsa chimene chingachititse wonyamula katundu wa ku Fujian kumwa magazi ndi anthu osawadziwa n'kuyamba kuwatcha abale. Mafilimu anatipatsa ngwazi zouluka pamwamba pa madenga, koma anatibisira munthu wotopa ameneyu, amene ine ndimamuona kuti ndi wofunika kumudziwa kuposa ngwazizo.

Sabata yotsatira ndinapempha aphunzitsi aja kuti andilole kulemba ntchito yanga ya kumapeto kwa chaka pa maumboni a anthu ogwidwa ku Taiwan. Anavomera, koma anandichenjeza kuti Chitchaina cha m'zikalata zakalezo chidzanditulutsa thukuta, ndipo za miyezi imene ndinalimbana nacho ndidzasimba m'gawo likudzali.