Kapu ya couscous imalemera magalamu angati?

Kapu ya mamililita 240 yodzaza couscous wouma, chakudya cha timibulu ting'onoting'ono topangidwa kuchokera ku tirigu, imalemera pafupifupi magalamu 175. Ya mamililita 250 imafika pa 180. Supuni yaikulu ya mamililita 15 ndi magalamu 11.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi pa madzi. Malangizo akamati kapu imodzi ya couscous pa kapu imodzi ya madzi, akunena za malo a m'kapu, osati kulemera. Mukayeza magalamu 200 a couscous n'kuthira magalamu 200 a madzi, madziwo achepa, ndipo timibulu tina timatsala tolimba ngati mchenga m'kamwa. Pa magalamu 100 alionse thirani madzi owira mamililita 140, vundikirani kwa mphindi 5, kenako mumwaze ndi foloko kuti asagwirane.

Poyeza ndi kapu musatsindire kapena kugwedeza, chifukwa timibulu timathinana, kulemera n'kukwera. Ingosalazani pamwamba ndi mpeni. Kunena zoona, sikelo ndiyo yodalirika.

Onetsetsaninso ngati muyezowo ndi wa wouma kapena wophika. Magalamu 100 ouma akamwa madzi amafika pafupifupi 240.