Chidindo cha chala pachokha si chilolezo

Namwino akafuna kuchita kafukufuku kuno ku Mangochi, ndondomeko yake iyenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yowunika ngati kafukufuku akuteteza anthu otenga nawo mbali, monga NHSRC kapena COMREC, kenaka adziwitse akuluakulu azaumoyo m'boma lino. Izi ambiri amazitsata. Pamene pamavuta ndi pofotokozera munthu mwiniwake yemwe akupemphedwa kulowa m'kafukufukuyo.

Fomu yopemphera chilolezo ikhale m'Chichewa ndi m'Chiyao, chifukwa agogo a ku Makanjira kapena ku Namwera angathe kungogwedeza mutu mwaulemu asanamve kanthu. Awerengereni pang'onopang'ono, ndipo muwapemphe abwereze m'mawu awoawo: muwachita chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, magazi mutenga ochuluka bwanji. Osadziwa kulemba adinde chala pamaso pa mboni yomwe siili m'gulu la ofufuza. Mwana wosakwana zaka 18, kholo livomereze, iyenso avomere payekha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi yunifolomu. Mayi wobwera kusikelo akaona kuti womupempha ndi namwino yemwe amamuyeza mwezi ndi mwezi, amaopa kuti akakana sadzathandizidwanso bwino. Choncho wopempha chilolezo akhale wina, ndipo anene momveka kuti kukana kapena kusiyira panjira sikukhudza chithandizo. Declaration of Helsinki, mfundo zapadziko lonse zotsogolera kafukufuku wazaumoyo wokhudza anthu, yomwe idayamba mu 1964, imachenjeza za zimenezi. Mfumu ikalola, yalola kulowa m'mudzi basi. Siyankhira munthu aliyense, ndipo mwamuna sasainira mkazi wake.

Pa mapepala a mayankho lembani nambala m'malo mwa dzina, mafomu osainidwa akhale m'kabati yokhoma paokha, osawajambula n'kutumiza pa WhatsApp. Mafunso okhudza HIV musafunsire pakhonde pomwe anthu ali pamzere akumva.